Kodi Wotiperekeza Uja Amamuperekeza Ndani?

Mwana wanga wachisamba atandiimbira foni kuchokera ku Manchester n'kundiuza kuti ndiyambe kukonzeka, mwezi wa Febuluwale tikupita ku Egypt banja lonse, funso langa loyamba linali lalifupi.

"Kumeneko kuli ndani?"

"Kulibe aliyense, amayi. Tikungokaona dziko."

"Palibe wadwala?"

"Palibe."

"Nanga tikakafika, akatilandira katundu ndani?"

Ine ndakula ndikudziwa kuti ulendo umakhala ndi mwini wake. Munthu amanyamuka kukazonda matenda, kukakhuza maliro, kukaona khanda kapena kukavina ukwati. Ukafika amakuchingamira, kukuyalira mkeka, n'kukufunsa za kumene wachokera. Ulendo wopita kumene kulibe wako sindinauyendepo. Mwana wanga anandifotokozera modekha kuti analipira kale kukampani ina yoyendetsa alendo, ndipo kampaniyo idzatipatsa munthu wa komweko. Munthuyo adzatichingamira pabwalo la ndege, adzatikweza basi, adzatiuza pogona ndi podyera, ndipo sadzatisiya mpaka tsiku lobwerera. Ndinamva ngati akunena kuti tabwereka mbale wa masiku khumi. Ndinafunsa dzina lake, koma mwana wanga anati tikalidziwira komweko.

Mtima wanga unkafuna kupita, zimenezo sindingabise. Ndaphunzitsa kupulayimale zaka zoposa 30, ndipo mtsinje wa Nile ndaujambula pabolodi ndi choko kosawerengeka. Dziko limene m'Baibulo timaliwerenga kuti Aigupto, kwa Yosefe ndi Mose, ndalifotokozera ana a Sande sukulu ngati kuti ndinafikako. Koma nkhani itangomveka kutchalitchi, amayi anzanga anayamba kundiyang'ana mwachisoni. Wina anati kumeneko n'kufupi ndi ku Gaza kumene kuli nkhondo. Wina anati amaphako alendo. Kenaka mlongo wanga, malume wa ana anga, anabwera yekha m'mawa, nakhala pakhonde osavula chipewa.

"Achemwali, inu ndinu wamkulu, mukhoza kupita kumene mwafuna. Koma adzukulu aja? Mukawatengere kumene anthu akuthawako?"

Ndinalibe chomuyankha. Usiku womwewo ndinaimbira mwana wanga n'kumuuza kuti andiuze zoona zokhazokha, asandinyengerere ngati mwana. Kodi n'zoona kuti kumeneko amapha alendo?

Sanandibisire. Anati pa 17 Novembala 1997, amuna asanu ndi mmodzi okhala ndi mfuti anapha anthu 62 pakachisi wa Hatshepsut pafupi ndi Luxor. Anati pa 31 Okutobala 2015, ndege ya ku Russia imene inanyamuka ku Sharm el-Sheikh inaphulitsidwa ndi bomba ili m'mwamba, anthu onse 224 n'kufa, ndipo dziko la Britain linaimitsa ndege zake zopita kumeneko mpaka mu 2019. Anati pa 28 Disembala 2018, bomba lotcheredwa m'mbali mwa msewu linaphulikira basi ya alendo a ku Vietnam pafupi ndi mapiramidi a ku Giza. Anatchulanso zina. Ine ndinkangomvetsera, foni ili kukhutu, dzanja lina lili pachifuwa.

"Ndiye bwanji ukufuna tipiteko?"

Apa mpongozi wanga, amene ndi namwino, anatenga foni. Anati boma la Britain limalemba malangizo kwa nzika zake za dziko lililonse, ndipo kwa maiko ena limajambula mapu a mitundu itatu. Pofiira akuti usapiteko n'komwe. Pa mtundu wa lalanje akuti upite pokhapokha pali chifukwa chachikulu. Pobiriwira akuti werenga malangizo, kenaka pita mosamala. Ananditumizira mapuwo pa WhatsApp. Kumpoto kwa Sinai kunali kofiira, m'malire ndi dziko la Libya munalinso mofiira, koma Cairo, Luxor, Aswan ndi mzere wonse wa mtsinje munali mobiriwira. Anati ulendo wathu sutuluka mobiriwiramo ngakhale tsiku limodzi, ndipo munthu akapita kofiira mwadala, inshuwalansi yake ikhoza kumukana akapeza vuto.

Ndinawayang'ana mapuwo nthawi yaitali. Giza uja, kumene basi ya anthu a ku Vietnam inaphulitsidwa, anali pobiriwira.

"Kodi bomba limawerenga mapu?"

"Siliwerenga, amayi," anatero mwana wanga. "Palibe amene angakulonjezeni kuti sikungachitike kanthu. Ine sindikulonjezani."

Yankho limenelo linandikhazika mtima pansi kuposa mmene mawu okoma akanachitira. Anapitiriza kundiuza kuti mu 2010 ku Egypt kunafika alendo 14.7 miliyoni, kuti zipolowe za mu 2011 ndi ndege ija zitachitika chiwerengerocho chinatsika mpaka 5.4 miliyoni mu 2016, ndi kuti mu 2023 chinabwereranso pafupifupi pa 15 miliyoni. Ndinadzifunsa ndekha: kodi anthu 15 miliyoni onsewo ndi osamva? Kapena anzeru ndi aja anakhala kwawo? Kodi munthu amayeza bwanji miyoyo 62 pambali pa mamiliyoni amene anapita n'kubwerako bwino? Kwa mayi amene mwana wake anali mmodzi wa 62 aja, mamiliyoniwo alibe ntchito.

Amene anandithandiza ndi mdzukulu wanga wamkazi wa zaka 12. Analowerera pafoni n'kunena kuti, "Agogo, za Malawi analembanso. Ndikuwerengereni?" Anawerenga m'Chingerezi, ine ndikumvetsera. Analemba za akuba olanda zikwama, za kuopsa koyenda pamsewu usiku, za malungo ndi likodzo la m'nyanja. Zonsezo ndi zoona, sindingatsutse. Koma ndinadabwa kumva kwathu kukufotokozedwa ndi zoopsa zokhazokha. Munalibe fungo la mvula yoyamba, munalibe mnansi wanga amene amandisungira nkhuku ndikachoka. Ndinaganiza za gogo wina wa ku Britain amene mwana wake akufuna kubwera naye kunyanja yathu, iye n'kumalira kuti akamuphetsa. Kodi ndikanamuuza chiyani? Ndikanamuuza kuti bwerani, gonani m'masikito, musayende usiku, ndipo mverani eni dziko. Nanga bwanji mawu omwewo sindinkafuna kuwamva onena za dziko la eni ake?

Ndinapemphera sabata yathunthu, kenaka ndinauza mlongo wanga kuti ndikupita. Sanakondwe, koma anandiperekeza mpaka pokwerera basi ya ku Lilongwe.

Ndinadzera ku Addis Ababa, n'kukumana ndi ana anga ku Cairo. Tikutuluka m'bwalo la ndege tinaona bambo wa msinkhu wa mwana wanga atanyamula chikwangwani cha dzina lathu, khadi la chilolezo cha boma lili pakhosi. Anandilandira chikwama ndisanapemphe, nanditchula kuti "Mama." Funso langa loyamba lija linayankhidwa pomwepo.

Koma mafunso ena anabadwa tisanafike n'kuhotela komwe. Pampando wakutsogolo wa basi yathu panakhala bambo wina wovala suti, wosayankhula ndi aliyense, ndipo atawerama ndinaona mfuti m'kati mwa jekete. Pachipata cha hotela galu anayamba wanunkhiza basi yonse tisanalowe. Pakhomo zikwama zathu zinadutsa m'makina ounikira ngati a pabwalo la ndege. M'mawa mwake panjira tinaima pamalo ofufuzira, dalaivala n'kuuza wapolisi kuti wanyamula anthu angati ndi a maiko ati, wapolisiyo n'kulemba m'buku. Ndinamukoka malaya wotiperekeza uja.

"Mwana wanga, ngati kuno kuli mtendere, mfuti zonsezi n'zachiyani? Ngati kulibe mtendere, ife tikutani kuno?"

Sanaseke. Anati dziko lawo lili ndi apolisi apadera oyang'anira alendo ndi zinthu zamakedzana, ndipo chichitikireni za mu 1997 chitetezo anachikhwimitsa kwambiri. Anati khola limene fisi analowamo kamodzi, mwini wake amalimanga kawiri. Ndinamva, koma mtima sunakhutire. Mfuti imati usaope, ndili pano. Mfuti yomweyo imatinso pali chifukwa chimene ndakhalira pano. Kodi mlendo amvere liwu liti? Adzukulu anga sanavutike nazo. Pofika tsiku lachitatu, wamng'ono wa zaka zisanu ndi ziwiri anali atayamba kugawana bisiketi ndi bambo wa suti uja.

Ku Giza ndinaiwala mfuti kwa kanthawi. Piramidi yaikulu ya mfumu Khufu ndinkaiphunzitsa ngati kachithunzi ka makona atatu m'buku. Nditaima patsinde pake, mwala umodzi wokha wa mzere wapansi unandifika pachifuwa. Ndinaugwira ndi dzanja. Unali wokhakhala, wofunda ndi dzuwa, ndipo m'mphepete mwake munali mosalala chifukwa cha manja a anthu ena amene anaugwira ine ndisanabwere. Wotiperekeza anati miyala yotere ilipo yoposa 2 miliyoni, kuti piramidiyo itangomangidwa inali yotalika mamita 146, ndi kuti yaima pamenepo zaka pafupifupi 4,500. Ndinakweza maso mpaka khosi linawawa. Anyamata a ngamila ndi ogulitsa mipango anatizinga, koma iye anali atatiphunzitsa kale mawu awiri, "La, shukran," kutanthauza kuti ayi, zikomo. Anatiuzanso kuti tisakwere ngamila tisanagwirizane mtengo wokwera ndi wotsika womwe. Pamenepo ndinayamba kuona ntchito yake. Sanali chishango chotchinga zipolopolo. Anali munthu wodziwa poponda.

Tsiku lotsatira anatitengera ku Cairo wakale, kutchalitchi cha Abu Serga. Pansi pa tchalitchicho pali kachipinda kotsikira pamasitepe, kamene Akhristu a Chikoputiki amakhulupirira kuti Yosefe ndi Mariya anabisalamo ndi mwana Yesu pothawa Herode. Ndinasuzumiramo, n'kukumbukira mawu a mlongo wanga aja akuti mukawatengere kumene anthu akuthawako. Pajatu kuno n'kumene mwana uja anathawitsidwira kuti apulumuke. Kodi dziko limakhala loopsa mpaka kalekale, kapena lamtendere mpaka kalekale? Kapena limasintha ngati mtsinje, chaka china kudzaza, chaka china kuphwa? Panja pa tchalitchicho ana a sukulu ankadutsa atagwirana manja, mayi wina akugula buledi wawo wafulati, mnyamata wina akupalasa njinga thireyi ya buledi ili pamutu. Mumzinda wa Cairo ndi madera ozungulira muli anthu oposa 20 miliyoni, pafupifupi Malawi yense. Ife tinakambirana miyezi itatu ngati tingapirire masiku khumi kumalo amene iwo amadzukako tsiku lililonse n'kutumiza ana kusukulu. Kodi iwo mapu awo a mitundu itatu amawajambulira ndani?

Tinakwera ndege ya ola limodzi kupita ku Luxor. Kumeneko tinaona mizati 134 ya m'kachisi wa Karnak, ina yonenepa moti banja lathu lonse litagwirana manja silinathe kuuzungulira umodzi. Tinatsikira m'manda a Tutankhamun m'Chigwa cha Mafumu, amene Howard Carter anawapeza mu Novembala 1922, ndipo thupi la mfumu yachinyamatayo lili momwemo m'bokosi lagalasi. Koma malo amene ndinkawaopa, amenenso ndinkafuna kuwaona, anali kachisi wa Hatshepsut, mayi amene analamulira Egypt ngati farao zaka pafupifupi 20.

Kachisiyo anamangidwa mosanjikiza katatu patsinde pa phiri lamiyala loima ngati khoma. Kutsogolo kuli bwalo lalikulu lopanda mthunzi, kumbuyo kuli thanthwe. Nditafika pansanja yapakati ndinayang'ana uku ndi uku, n'kuona ndekha kuti munthu atatsekeredwa pamenepo alibe kothawira. Alendo anzathu ankajambulana, mdzukulu wanga akuwerenga zithunzi za pakhoma za ulendo wa zombo za mfumukaziyo wopita ku dziko la Punt. Ndinamuyandikira wotiperekeza n'kumufunsa motsitsa mawu ngati ndi pano. Anagwedeza mutu. Anati mwa anthu 62 aja, 58 anali alendo, ambiri a ku Switzerland, ena a ku Japan, Germany ndi Britain, ndipo mmodzi anali kamtsikana ka zaka zisanu. Anayi otsalawo anali eni dziko: apolisi atatu ndi munthu mmodzi woperekeza alendo.

Mawu omalizawo anawanena mosasintha nkhope, kenaka anakweza kambendera kake n'kuitana gulu kuti tipitirire. Koma ine anandikhala pamtima. Woperekeza alendo. Munthu wa ntchito ngati yakeyi, wa khadi pakhosi ngati lakeli.

Madzulo amenewo tili m'sitima ya pamtsinje yopita ku Aswan, ndinauza mwana wanga kuti andibwerezere zonse zimene anandiuza pafoni zija, koma ulendo uno andiuze za eni dziko. Anafufuza n'kuyamba kuwerenga. Pa basi ya mu 2018 ku Giza panafa alendo atatu a ku Vietnam ndi wowaperekeza wawo. Pa 8 Okutobala 2023 ku Alexandria wapolisi anawombera alendo awiri a ku Israel, n'kuphanso wowaperekeza wawo. Mu Seputembala 2015, m'chipululu cha kumadzulo, asilikali a boma anawombera molakwitsa magalimoto a alendo powayesa zigawenga, n'kupha anthu 12, asanu ndi atatu a ku Mexico ndi eni dziko anayi amene anali nawo. Atamaliza tonse tinakhala chete. Miyezi itatu yonse ija tinkawerenga alendo okhaokha. Pafoni paja mwana wanga sanamutchule woperekeza ngakhale mmodzi, ndipo ine sindinafunse.

Kodi zimenezi zimatheka bwanji? Ife tinalipira ndalama kuti munthuyu akhale pakati pa ife ndi zoopsa. Ife tili ndi inshuwalansi, tili ndi tikiti yobwerera, ndipo zinthu zitavuta akazembe a maiko athu akhoza kutifunafuna. Ife tikhala m'basi ija masiku khumi pamoyo wathu wonse. Iye amakhalamo sabata ndi sabata, chaka ndi chaka, pampando wakutsogolo, pafupi ndi khomo. Ngati pali ngozi imene ife tinkaiopa, iye amakumana nayo kambirimbiri kuposa ife. Nanga iyeyo amamuperekeza ndani?

Ndinamupeza padenga pa sitimayo akumwa chakumwa chofiira chimene iwo amati karkade. Anandithirira m'kapu, ndipo nditalawa ndinazindikira kuti ndi chidede, chomwe chija chimamera kuseri kwa nyumba yanga. Sitima inkayenda pang'onopang'ono. M'mbali mwa mtsinje munali minda ya nzimbe ndi migwalangwa, mlimi akubwerera kwawo pabulu, ndipo kuseri kwa kamzere kobiriwirako kunali mchenga wokhawokha. Ndinamufunsa ngati ali ndi ana. Anati atatu, n'kundionetsa zithunzi pafoni. Ndinamufunsa ngati mkazi wake sada nkhawa akamachoka. Anati amada, ndipo amamuimbira usiku uliwonse.

"Nanga iwe suopa?"

Anayang'ana madzi kanthawi asanayankhe. Anati anaphunzira mbiri ya dziko lake kuyunivesite zaka zinayi kuti apeze khadi lija. Anati mu 2011 alendo atasiya kubwera, sitima ngati yathuyi zinangomangidwa pagombe ku Luxor mizeremizere, zikuchita dzimbiri. Iye anakhala miyezi yambiri osagwira ntchito, anayendetsapo takisi ya mlamu wake, ndipo mkazi wake anagulitsa zibangili za ukwati kuti ana asasiye sukulu. Zinthu zitangoyamba kubwerera m'malo, ndege ija inagwa, n'kuyambiranso. "Mama, ndimaopa," anatero. "Koma ndaionapo basi yopanda anthu, ndipo imeneyo inalowa mpaka m'khitchini mwanga."

Usiku umenewo sindinagone msanga. Aja anapha anthu pakachisi paja ankadziwa chimene ankachita. Ankafuna alendo athawe kuti boma ligwade, koma amene anayamba kugwada ndi woperekeza, wopalasa bwato, wophika ndi mayi wochapa nsalu za m'hotela. Kodi ndiye kuti ine ndikanakhala kwathu chifukwa cha mantha, ndikanawathandiza opha anthu aja osadziwa? Koma kodi n'chilungamo kuuza gogo kuti aike adzukulu ake pangozi kuti mwana wa mnzake adye? Mafunso awiriwa ndinawatembenuza mpaka tulo tinandiba, ndipo lililonse linali ndi kulemera kwake.

Zimene zinatigwera paulendowu sizinali zimene amayi anzanga ankaopa. Tsiku lachisanu ndi chimodzi mdzukulu wamng'ono uja anatsegula m'mimba usiku, thupi n'kutentha. Mpongozi wanga anasungunula mchere ndi shuga m'madzi a m'botolo n'kumamumwetsa pang'onopang'ono ndi supuni. Sitima itaima, wotiperekeza anatsika yekha mumdima kukagogoda kusitolo ya mankhwala, n'kubwera ndi zimene mpongozi wanga anamulembera. Anakhala panja pa chitseko chathu mpaka mwanayo atagona. Pakutha pa masiku awiri anali akuthamanganso. Chinanso chinali kuwoloka msewu ku Cairo, kumene magalimoto saima. Wotiperekeza anatiuza kuti timamatire kumbali kwake ngati anapiye, tiziyenda osathamanga ndiponso osabwerera m'mbuyo.

Ku Luxor ana ankafuna kukwera chibaluni chimene chimanyamula alendo m'mwamba mbandakucha. Mwana wanga anakana. Anati mu Febuluwale 2013 chibaluni chotero chinapsa chili m'mwamba n'kupha anthu 19, ndipo ngakhale ambiri amakwera n'kutsika bwino, iye mtima wake sukumulola. Ana analira, koma iye sanasinthe. Ndinadabwa kuti kutchalitchi kuja palibe amene anandichenjeza za chibaluni, za madzi akumwa kapena za msewu. Onse ankanena za mabomba. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi za pamsewu chaka chilichonse. Ine ndemwe ndinakwera minibasi yodzaza thothotho kuchoka kwathu osapemphera sabata yathunthu. Kodi n'chifukwa chiyani imfa yozolowereka sitiiopa, koma yachilendo timaiopa ngakhale ili patali?

Choncho tsiku lopita ku Abu Simbel, ulendo wa makilomita pafupifupi 280 kuchokera ku Aswan kudutsa m'chipululu, titadzutsidwa 4 koloko m'mawa, sindinafunse za mfuti. Ndinapita kwa dalaivala n'kumufunsa kudzera mwa wotiperekeza ngati wagona mokwanira. Anandiyang'ana modabwa, kenaka anaika dzanja pachifuwa n'kunena kuti wagona. Ndinaonetsetsa kuti adzukulu amanga malamba. Dzuwa linatulukira tili pakati pa mchenga, ndipo titafika tinaona mafano anayi a Ramesses II, lililonse lotalika mamita 20, atakhala pansi kuyang'ana nyanja. Wotiperekeza anati pomanga damu la Aswan madzi akanamiza kachisiyo, ndiye pakati pa 1964 ndi 1968 maiko ambiri anasonkherana kudzera ku UNESCO, n'kumudula zidutswazidutswa, n'kukamumanganso pamtunda, mamita 65 pamwamba pa malo ake akale. Mdzukulu wanga wamkazi anafufuza mizere ya macheka pamwalapo mpaka anaipeza, n'kundiitana kuti ndidzaone. Nkhope yake panthawi imeneyo ndi imene ndinabwera nayo kwathu.

Tsiku lobwerera wotiperekeza anatifikitsa pachipata chimene iye sakanatha kudutsa. Mwana wanga anamupatsa envulopu monga mwa mwambo wa kumeneko. Ine ndinamugwira manja onse awiri n'kumupempherera m'Chichewa, iye ndi mkazi wake ndi ana ake atatu. Sanamve mawu, koma anaweramitsa mutu mpaka nditamaliza. Kenaka anayang'ana wotchi, chifukwa gulu lina linkatera madzulo omwewo.

Nditafika kumudzi mlongo wanga anabwera tsiku lomwelo.

"Ndiye kunali bwino, achemwali? Tinkangoopa pachabe?"

Ndinamuuza kuti ayi, sankaopa pachabe. Kubwerako kwathu sikutsimikiza kuti kulibe zoopsa, pakuti aja a mu 1997 nawonso anadzuka m'mawa umenewo ali ndi wowaperekeza, ali ndi matikiti obwerera. Ndinamuuza kuti mantha ake anali a chikondi, koma analibe adiresi. Ankaopa dziko lonse la anthu oposa 100 miliyoni ngati kuti ndi mudzi umodzi. Mantha anga atayamba kufunsa kuti kuti, liti, ndani, anasanduka chinthu chimene ndikanatha kuyenda nacho. Ndipo ndinamuuza kuti akadzandiitananso ndidzapita, koma mafunso ndidzawafunsanso onse kuyambira poyamba, chifukwa mapu aja amasintha.

Inu amene ana anu akukuitanirani ulendo wotere, kapena amene mukuganiza zotenga banja lanu kupita kudziko limene anthu akulinena, musachite manyazi kufunsa ngati mwana. Safunsa anadya phula. Funsani kuti mukapita dera liti lenileni, osangoti dziko liti. Funsani zimene maboma akunena za deralo mwezi womwewo. Funsani ngati inshuwalansi ikakuthandizani mukadwala, ngati wokuperekezani ali ndi chilolezo, ngati dalaivala wagona, ngati madzi ndi akumwa. Amene akukulonjezani kuti sikungachitike kanthu musamukhulupirire, ndipo mtima ukakana chinthu, musakakamizike chifukwa choti mwalipira kale. Mukakafika, munthu adzakuchingamirani ndi chikwangwani cha dzina lanu. Inunso mufunseni lake, mufunseni za ana ake, mumvereni akati apa musaponde, ndipo popempherera ulendo wanu mutchuleni nayenso. Inu mukatha masiku khumi mudzabwerera kwanu, koma iye mawa lake adzakhalanso pampando wakutsogolo uja.